Achemwali, za Skellig Michael musathamangire kulipira

Achemwali, mwafunsa pagulu pano za ulendo wopita ndi mayi anu ndi ana anu awiri ku Skellig Michael, chilumba chamatanthwe cha m'nyanja ya ku Ireland komwe kuli tinyumba takale ta amonke. Imani kaye, musatumize ndalama kwa munthu aliyense. Ndaona anzathu pamwambapa akungolemba kuti "pitani, kumeneko nkokongola, tengani mayi ndi ana omwe, palibe vuto", ine thupi langochita tsemwe. Kukongolako sindikutsutsa. Koma mayi anu mwati amadandaula mawondo, ndiye ana awiriwo ndi aang'ono, ndipo mukufuna kupita kumapeto kwa Ogasiti. Mverani zomwe ndinaona ine.

Tinafika padoko la Portmagee, ponyamukira maboti opita kuchilumbako, m'mamawa, ine ndi mlamu wanga. Kunja kunali bata, kamphepo pang'ono chabe, moti munthu sungaganize kanthu. Koma tinaona oyendetsa maboti ena akuuza anthu awo kuti lero ayi, nyanja yafufuma kunjako, bwererani mudzatenge ndalama zanu. Wathuyo, bambo wina wamtali wosaseka, anangoti kwerani, tikaonera komweko. Tinamufunsa kuti nanga anzanuwa akukaniranji? Iye akuti amenewo ndi amantha. Anthu 12 tinakwera, poti boti lililonse limaloledwa kunyamula anthu 12 basi, ndipo pachilumbapo salola kupitirira anthu 180 pa tsiku. Malo amatha kudakali miyezi ingapo, nchifukwa chake munthu akakuuza kuti kwera sufunsa kawiri. Mkuluyo ankadziwa bwino zimenezi.

Ndi makilomita pafupifupi 12 kuchoka kumtunda, ulendo wa ola limodzi nyanja ikakhala yofatsa. Ife titangotuluka m'madzi abata a padoko paja nkulowa m'nyanja ya Atlantic yeniyeni, boti linayamba kukwera phiri la madzi nkugwera kuseri, kukweranso, kugweranso. Si mafunde oswekasweka aja timaona pagombe ayi, ndi madzi ongotukuka mwakachetechete. Mayi wina amene anakhala moyang'anana nane anayamba kusanza, kenako mwamuna wake, kenako mlamu. Tinadutsa pafupi ndi Little Skellig, thanthwe loyera mbee chifukwa cha mbalame zija amati ma gannet, zikwi makumimakumi, ndi zitosi zake. Akuti ndi malo ogometsa. Ine ndinangomva fungo lake, mutu uli pakati pa mawondo.

Tsopano potsikira. Achemwali, apa ndi pamene ndikufuna mumvetse. Kulibe doko lenileni kumene kuja. Pali kampata pakati pa matanthwe, kotchedwa Blind Man's Cove, ndi masitepe a konkire onyowa, oterera ndi ndere. Boti silima. Limakwera ndi madzi mpaka kufanana ndi sitepe, kenako limatsika, sitepe ija nkukhala pamwamba pa mutu wako, khoma lakuda bii likuchucha madzi pamaso pako. Mnyamata wothandizira amakugwira mkono, ndipo boti likakwera amakuwa kuti tsopano! Ukachedwa pang'ono, mwendo uli pakati pa boti ndi khoma. Mlamu anazengereza, mnyamata uja anamukankha, anakagwa chogwada pa konkire, thalauzi kung'ambika, bondo magazi chuu. Bambo uja ali pachiwongolero osacheuka nkomwe. Chomwe ananena nchakuti nyanja ikukwera, tibwerere pakatha ola limodzi ndi theka, wochedwa adziwa yekha. Anthu amapatsidwa maola awiri ndi theka pachilumbapo. Ife anatidula chonchi titatsika kale, pamene sitikanachitanso mwina.

Ndiye tangoganizani. Masitepe opitirira 600, a miyala yosalinganizika imene amonke anayala ndi manja zaka zoposa 1,000 zapitazo. Ina yaifupi, ina yaitali, ina yopendekeka. Chogwirira kulibe, kupatula katcheni pamalo ochepa. Mbali imodzi thanthwe, mbali inayo phompho mpaka m'madzi. Alangizi amene amagona pachilumbapo nyengo ya alendo anatiimitsa m'munsi nkutiuza mosabisa kuti mu 2009 alendo awiri anagwa pa masitepe omwewa nkumwalira, choncho aliyense ayende pang'onopang'ono, ndipo wojambula aime kaye. Iwowa ndiwayamikire, ndi anthu abwino. Koma uyenda bwanji pang'onopang'ono wina atakuikira nthawi? Tinakwera mothamanga, mlamu akutsimphina, mtima uli m'mwamba. Ma puffin, timbalame ta milomo yamawangamawanga tija, tinali ponseponse m'mbali mwa njira, tikutuluka m'maenje, tosaopa munthu. Sindinatijambule ngakhale kamodzi. Titafika pachidikha chapakati chotchedwa Christ's Saddle, nkhungu inatsika, ndipo gawo lotsala, lomwe ndi lotsetsereka kuposa onse, tinalikwera tikungoona nsapato za amene ali patsogolo.

Pamwambapo, mamita ngati 180 kuchokera pamadzi, umalowa pakakhomo kakafupi mowerama, ndiye nkungoti pa! Tinyumba 6 ta miyala yokhayokha, tooneka ngati zulu za chiswe, topanda matope kapena simenti, mwala kusanjikiza pamwala mpaka kutsekeka pamwamba, ndipo mvula silowa mpaka lero. Timatchalitchi tiwiri topemphereramo, mitanda ya miyala, timanda, zitsime zosungira madzi a mvula poti kasupe kulibe. Amonke anakhazikika pamenepa pakati pa zaka za m'ma 500 ndi 700, kagulu kochepa, akudya nsomba, mazira a mbalame ndi timbewu ta m'timinda tomwe anatchinga ndi makoma. Mlangizi anatifotokozera za Eitgal, mkulu wa amonkewo, amene ma Viking, achifwamba a panyanja ochokera kumpoto kwa Ulaya, anamugwira cha m'ma 823 nkufa ndi njala ali m'manja mwawo. Anatiuzanso kuti pofika m'zaka za m'ma 1200 amonke anasamukira kumtunda ku Ballinskelligs. M'bwinja la tchalitchi cha St Michael muli manda a ana awiri a mlonda wa nyali yowunikira sitima, omwe anamwalira m'ma 1860. Nyali za pachilumbapo zinayamba kuyaka mu 1826, ndipo chichokereni alonda mu 1987 palibenso munthu wokhazikika pachilumbapo. Ndinkafuna nditakhala pansi, ndimve zonse, ndilowe m'kanyumba kalikonse. Mlangizi ali pakati pa nkhani, wina mwa ife anayang'ana wotchi nkuti tiyeni. Malo amene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1996, amene ndinawalakalaka nthawi yaitali, ndinangowanunkhiza.

Kutsika ndiye kunali kuona zakuda. Pokwera umayang'ana mwala, potsika umayang'ana phompho. Nkhungu inanyowetsa miyala yonse, ndipo inkati ikang'ambika pang'ono, nkuona madzi oyera thovu kutali pansi penipeni, chizungulire nkukugwira. Miyendo yanga inayamba kunjenjemera yokha, njenjenje, osatheka kuiletsa. Ndinakhala pansi. Ndinatsika gawo lonse lija chokhala, sitepe imodzi imodzi, manja ali pamwala wozizira, mlamu ali kumbuyo kwanga akupemphera mokweza, bondo lake litatupa. Kumunsi hutala ya boti ikungolira, piii, piii, ngati tikuchita dala. Mtsikana wina wa gulu lathu anangouma pamalo amodzi akulira, osapita kutsogolo osabwerera, mpaka mlangizi anachita kukwera kudzamutsitsa atamugwira dzanja. Titafika pa masitepe a konkire aja, madzi anali atakwiya kuposa m'mawa. Boti linayesa kuyandikira, linabwerera, linayesanso. Kudumphira m'boti lomwe likuthawa pansi pako, miyendo itatha kale mphamvu, sindifunira munthu ngakhale mdani wanga.

Chimene chimandiwawa mpaka lero si nyanja ayi, nyanja ilibe mlandu. Ndi bambo uja. Ankadziwa kuyambira padoko kuti tsikulo silinali labwino, anzake onse anaona, koma iye anawerengera kuti akangotitsitsa pachilumba, ngakhale kwa mphindi zochepa, ndiye kuti ulendo wachitika, ndalama sabweza. Dyera basi. Titafika kumtunda mlamu anamuonetsa bondo, iye akuti munasaina nokha kuti mukudziwa kuopsa kwake. Pepani yekha, osatuluka pakamwa pake! Ndinalemba kalata yodandaula, anandiyankha mizere iwiri yondiuza kuti nyengo siili m'manja mwawo. Ee, nyengo siili m'manja mwanu, koma kiyi wa injini anali m'manja mwa ndani?

Ndiye achemwali, mayi asakwere masitepe amene aja, ndanena ndanenanso. Ana aang'ono maboti ambiri sawalola nkomwe pa ulendo wotsika. Alipo maulendo ena ongozungulira zilumba ziwirizo osatsika, amenewo ndi omwe angawayenere, ngakhale nseru ndi yomweyo, choncho amwe mankhwala oletsa kusanza asanakwere, osati zitayamba. Polipira funsani mwachindunji ngati ndi ulendo wotsika kapena wongozungulira, poti pa intaneti mayina ake amafanana, ndipo safunsa anadya phula. Funsaninso kuti akadula nthawi kapena akalephera kukutsitsani amabweza zingati, akulembereni. Woyendetsa amene amadziwika kuti amakonda kulephereza maulendo, ameneyo ndiye wabwino. Nsapato zikhale zogwira pansi, jekete ya mvula, madzi akumwa, chikwama chakumsana kuti manja onse akhale omasuka. Ngati mukufuna ma puffin, kumapeto kwa Ogasiti mwachedwa, amakhala atapita kunyanja kuyambira kumayambiriro kwa mweziwo. Juni kapena Julayi ndiye nthawi yake.

Koma inuyo panokha pitani, musamvere mantha angawa. Nyengo yake ndi yaifupi, kuyambira pakati pa Meyi mpaka kumapeto kwa Seputembala, ndipo masiku ambiri maboti sanyamuka nkomwe. Konzani zogona kufupi masiku angapo kuti likakanika lero muyesenso mawa. Ndipo kunena zoona, mukadzafika padoko nkupeza boti limodzi lokha likunyamuka, ngakhale malo alipo, musakwere, dikirani tsiku lina. Ine tinyumba tija ndikufuna ndikationenso bwinobwino, ndipo mlamu, ndi chipsera chakecho, ndi amene akundikakamiza kuti tibwerereko.

Dzina la boti musandifunse muno, ma admin angandichotse. Ndipo inu mwalemba kuti "palibe vuto" aja, munapita tsiku la dzuwa nyanja ili zii, musamanamize anthu.