Musanagule thiraki yakale ya Sicard, fufuzani kumene dzinali linapita

Bambo, mwafunsa ngati n'kwanzeru kugula thiraki yakale ya Sicard yochotsa sinowo mumsewu imene mwaiona ikugulitsidwa ku Quebec m'dziko la Canada, ndiponso ngati masipeyala ake mungawapeze kwa ogulitsa mathiraki a Kenworth monga momwe mwini wake wakuuzirani. Zimene wakuuzanizo zili ndi pochokera, koma sizokwanira kuti mutulutsirepo ndalama.

Arthur Sicard anali mwana wa mlimi wa kufupi ndi Montreal, ndipo mu 1925 anapanga makina okhala ndi zitsulo zozungulira zimene zimakokolola sinowo n'kumuponyera kutali kudzera m'chumuni. Mu 1927 tauni ya Outremont inagula makina ake oyamba. Iye anamwalira mu 1946, koma kampani yake ya Sicard inapitirira, ndipo pa fakitale yake ya ku Sainte-Thérèse inkapanganso mathiraki akuluakulu. Mu 1967 kampaniyi inagulidwa ndi Pacific Car and Foundry ya ku America, yomwe inali kale mwini wa Kenworth ndi Peterbilt, ndipo kuyambira 1972 imadziwika kuti Paccar.

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Chimene Paccar inasunga ndi fakitale, yomwe inasanduka yopangira mathiraki a Kenworth. Inatsekedwa mu 1996 antchito atanyanyala kwa miyezi yambiri, kenako inatsegulidwanso mu 1999, ndipo ikupanga mathiraki apakatikati a Kenworth ndi Peterbilt. Ntchito yopanga makina a sinowo, pamodzi ndi dzina la Sicard, inatsata njira ina n'kukathera m'manja mwa SMI-Snowblast ya ku Watertown m'boma la New York ndi Sicard SSI ya ku Quebec komweko. Choncho wogulitsa Kenworth angakuthandizeni pa zinthu zimene mathiraki ambiri amafanana, monga mabuleki ndi mafyuluta, koma sindikuona chifukwa choyembekezera kuti akusungirani magiya a mbali yoponya sinowo. Za mbali imeneyo funsani a Sicard SSI, mutawatumizira nambala ya pa makinawo, ndipo muchite zimenezi musanalipire.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti dzina lolembedwa kutsogolo lisakutengeni mtima. Makampani a mathiraki a ku North America ankagula injini, giyabokosi ndi maekiselo kwa opanga ena, ndipo makina akuluakulu a sinowo nthawi zambiri amakhala ndi injini ziwiri, ina yoyendetsa thiraki, ina yozunguza zitsulo zija. Pitani ndi tochi, mupukute girizi, mujambule kachitsulo kolembedwa nambala pa chilichonse mwa zimenezi. Mukapeza injini ya Cummins kapena ya Detroit Diesel, mtima ukhale m'malo, chifukwa masipeyala ake akupezekabe ndipo amakaniko odziwa injinizi alipo. Mukapeza injini ya petulo ya kampani imene inatha kalekale, ndiye kuti mwagula ntchito yosakasaka.

Ife ochokera kumwera kwa Africa nkhani yotere si yachilendo. ERF, kampani yopanga mathiraki ya ku Britain, inagulidwa ndi Western Star mu 1996, inapita kwa MAN mu 2000, ndipo dzinalo linaleka kutuluka pa mathiraki atsopano mu 2007, komabe ma ERF anapitiriza kunyamula katundu m'misewu yathu chifukwa ambiri anali ndi injini ya Cummins. Chimene chinkavuta ndi zapathupi, monga magalasi, zitseko ndi madashibodi, zimene palibenso wina ankazipanga. Ndi Sicard yembekezerani zomwezo.

Chinanso chofunika kuchiona ndi dzimbiri, popeza galimoto yotere yakhala nyengo zambiri zozizira m'misewu yothiridwa mchere. Lowani pansi mugogode chesesi ndi hamala, makamaka pamene makina a kutsogolo amangiriridwa, ndipo muumirire kuti injini zonse ziwiri azilize zili zozizira inu muli pomwepo.

Ngati mukuifuna kuti muisunge ndi kuikonza pang'onopang'ono chifukwa cha mbiri yake, ine ndingakulimbikitseni, pakuti ndi galimoto yoyenera kupulumutsidwa. Koma ngati mukufuna kusainira kontirakiti yochotsa sinowo m'nyengo ikubwerayi, gulani makina omangirira kutsogolo kwa loda kapena thirakitala, amene wogulitsa wake ali pafupi ndipo angakupatseni sipeyala tsiku lomwelo.