Kapisozi wa mwana si wa nkhuku: mlangizi ayankha za mabakiteriya

Mafunso amene mwanditumizira mwezi uno ndi a nkhuku, soya, tomato ndi ng'ombe. Poyamba amaoneka ngati nkhani zosiyana, koma onse akufika pa mabakiteriya, tizilombo tosaoneka ndi maso timene timakhala m'dothi, m'madzi, m'matumbo a ziweto ndi m'matumbo athu omwe. Ena mwa iwo amadwalitsa, ambiri sapweteka munthu, ndipo ena ndi antchito athu a m'munda osalandira malipiro.

Mayi wina wa ku Mponela walemba kuti: "Nkhuku zanga zikayamba kuodzera ndimasungunula makapisozi a amoxicillin m'madzi akumwa. Kale zinkachira, tsopano zikungofa. Kodi mankhwala a masiku ano ndi abodza?"

Mayi, ndiyambe ndi kufunsa inu. Nkhukuzo zikupinda khosi, zikuchita chitosi chobiriwira, ndipo zikufa zambiri m'masiku ochepa? Ngati zili choncho, chimenecho ndi chitopa, ena amati chideru. Chitopa chimayamba ndi vairasi, ndipo amoxicillin, amene ndi mankhwala opha mabakiteriya, sagwira vairasi ngakhale mutathira paketi yonse. Zimene zinkachira kale zija mwina zinkadwala matenda ena, kapena zinkangopulumuka pazokha. Chitopa chimapewedwa ndi katemera wa I-2, dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, pakatha miyezi itatu kapena inayi, nkhukuzo zisanadwale. Ndalama imene mwawononga pa makapisozi ikanatemera khola lonse.

Koma pali vuto lina lalikulu kuposa kutaya ndalama. M'matumbo a nkhuku muli mabakiteriya osawerengeka. Mukapereka mankhwala ochepa mphamvu, kapena kwa masiku awiri n'kusiya chifukwa nkhuku yadzuka, ofooka amafa, olimba amatsala n'kuswana. Bakiteriya wa E. coli pamalo abwino amagawikana pawiri pa mphindi 20 zokha, ndiye taganizirani kuchuluka kwake pofika mawa. Amathanso kupatsirana luso lopirira mankhwalalo, ngakhale ndi mabakiteriya a mtundu wina. Alexander Fleming, amene anatulukira penicillin mu 1928, anachenjeza kale mu 1945 kuti kumwa mankhwala osakwanira kudzaphunzitsa tizilombo kusamva mankhwala.

Zimenezi zikuchitika kwathu kuno. Akatswiri anafufuza magazi a odwala pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Mu 2003, E. coli wosamva gulu la mankhwala amphamvu monga ceftriaxone sankafika ngakhale mmodzi pa 100 alionse opezeka m'magazi. Pofika 2016 anali pafupifupi 30 pa 100 alionse. Ceftriaxone ndi jakisoni amene achipatala amadalira mwana akagonekedwa ali kayakaya. Kenako kafukufuku wina wotchedwa DRUM, wa akatswiri a ku Malawi, Uganda ndi Liverpool, analowa m'makomo ku Ndirande, Chileka ndi Chikwawa. Anatenga chimbudzi cha anthu, ndowe za ziweto, madzi a m'ngalande ndi a m'mitsinje, ndipo mabakiteriya osamva mankhwalawa anapezeka monsemo, makamaka m'nyengo ya mvula. Sizodabwitsa. Nkhuku imagona m'khitchini, imajompha m'mbale, mwana amakwawa pabwalo pomwe yachita chitosi, mvula n'kukokolera zonsezo kuchitsime. Mpanda wa khola umatchinga nkhuku, sutchinga bakiteriya.

Sindikunena kuti nkhuku zanu ndizo zadzetsa vuto la ku Queen Elizabeth. Anthufe timamwanso mankhwala mosayenera, ndipo zimbudzi ndi ngalande zathu zili ndi gawo lalikulu. Koma amoxicillin amene mukuthira m'madzi a nkhuku ndi yemweyo amene mwana wanu adzafune akadwala chibayo.

Chochita n'chiyani? Nkhuku yodwala ipatuleni msanga, muitane alangizi a ziweto aione musanagule kanthu. Akalemba mankhwala, gulani a ziweto, muyeze monga alembera, ndi kumaliza masiku onse. Pa paketi pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanadye kapena kugulitsa nyama ndi mazira. Mankhwala ena saloledwa n'komwe pa nkhuku zimene zikuikira. Ndikudziwa kuti kuuza mlimi kuti ataye thireyi ya mazira ndi mawu owawa, ndipo ambiri amandiyang'ana ngati ndapenga. Komabe wogula mazirawo akudya mankhwala osadziwa. Ndipo chizolowezi chothira ufa wa mankhwala opha mabakiteriya wotchedwa oxytetracycline m'madzi a anapiye athanzi sabata ndi sabata "kuti asadwale" chisiyeni. Utuchi wouma, zomwera zotsuka tsiku lililonse, ndi kusalola mlendo aliyense kulowa m'khola zimateteza kuposa ufa wachikasuwo. Chitosi nacho chiunjikeni chiwole, chitenthe bwino, musanachithire m'dimba la mpiru kapena repu. Chachiwisi pa ndiwo zamasamba ndi njira yachidule yochokera kukhola kupita m'mbale.

Bambo wina wa ku Mchinji akuti: "Andiuza kuti inokyulanti wa soya ndi mabakiteriya. Ndithire bwanji matenda pa mbewu yanga? Sadzadwalitsa ana akadya phala?"

Bambo, mtima m'malo. Amenewa ndi a gulu la rhizobium, ndipo sadwalitsa munthu kapena chiweto. Amalowa m'mizu ya soya n'kupanga timibulu, m'menemo amatenga nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu. Ndi mchere womwewo umene mumagula wodula m'thumba la urea. Katswiri wa ku Netherlands, Martinus Beijerinck, anawapatula koyamba mu 1888, ndipo kuno akatswiri a ku Chitedze akhala akugwira nawo ntchito kwa zaka zambiri. Soya si mbewu yobadwira kuno, choncho m'minda yambiri mabakiteriya oyenerana naye ndi ochepa, makamaka m'munda umene sunalimidwepo soya. N'chifukwa chake timawabweretsa m'paketi.

Chofunika kukumbukira n'chakuti m'paketimo muli zamoyo. Ambiri amene amati inokyulanti sagwira ntchito anamupha okha asanafike kumunda: paketi yakhala padzuwa pa mpando wa njinga tsiku lonse, kapena yagona pafupi ndi moto. Onani tsiku lothera ntchito, musunge pozizira, musakanize pamthunzi mbewu itanyowetsedwa pang'ono chabe, ndipo mubzale tsiku lomwelo m'dothi lachinyontho. Musamuphatikize ndi feteleza m'chidebe chimodzi. Soya akayandikira kuchita maluwa, kumbani phando limodzi mosamala, mudule kambulu kamodzi ndi chikhadabo. Mkati mukakhala mofiirira, antchito anu ali pa ganyu. Mukakhala moyera kapena mobiriwira, sakugwira. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala dothi losowa fosifolasi, kapena nayitirojeni wothiridwa wambiri, pakuti soya akapeza chakudya chaulere sasamalanso alendo akewo.

Funso la mnyamata wina wolima dimba ku Ntcheu ndilo landimvetsa chisoni, chifukwa yankho lake silokoma: "Tomato wanga akufota masana masamba ali obiriwira, m'mawa amadzuka, kenako amafera pomwepo. Ndapopera Dithane kawiri. Ndigule mankhwala ati?"

Achimwene, musaguleko ena musanayese izi. Dulani tsinde la tomato wofotayo chapansi, muviike kodulako m'tambula yagalasi ya madzi oyera, osagwedeza. Pakatha mphindi zochepa mukaona timizere toyera ngati mkaka tikutsika kuchokera m'tsindemo, amenewo ndi mabakiteriya otchedwa Ralstonia. Amalowa m'mizu, makamaka pamene pavulala ndi khasu kapena ndi tinyongolotsi ta m'mizu, n'kutseka njira za madzi m'tsinde. Mbewuyo imafa ndi ludzu ili m'dothi lonyowa. Dithane ndi wa matenda a chuku apamasamba, kuno safikako, ndipo palibe mankhwala opopera amene angadzutse tomato amene wagwidwa kale.

Zulani ofotawo ndi dothi la pamizu pake, muwatulutse m'dimba, muwotche. Musawataye m'ngalande kapena pa mulu wa kompositi. Yang'ananinso kumene madzi anu akuyenda: ngati mumathirira ndi ngalande, madzi ochokera pa bedi lodwala amanyamula matendawa kupita mabedi onse akumunsi, mpaka kwa mnzanu wa dimba lotsatira. Khasu ndi mpeni zitsukeni ndi madzi a Jik mukachoka pamalopo. Pamalo pamenepo pasabwererenso tomato kwa zaka zingapo, ndipo musaganize kuti mwachita kasinthasintha mukabzalapo mbatatesi, mabilinganya, tsabola kapena fodya, chifukwa onsewo ndi banja limodzi ndipo amagwidwa chimodzimodzi. Bzalanipo chimanga, mapira kapena anyezi. Kwa alimi a mbatatesi a ku Dedza ndi Ntcheu, njira yaikulu imene matendawa amalowera m'munda watsopano ndi mbewu yogula pamsika yosadziwika kwawo. Mukaidula n'kuona mzere wakuda mozungulira mkati, wotulutsa tinthu toyera mukafinya, imeneyo si mbewu.

Lomaliza ndi la mfumu ina ya ku Chigwa cha Shire: "Ng'ombe yafa mwadzidzidzi usiku, dzulo lake inali bwinobwino, ikutuluka magazi akuda m'mphuno. Anthu akufuna kugawana nyama."

Amfumu, letsani ndithu, ndipo asaiboole n'komwe. Ng'ombe yofa chonchi, yotupa msanga, yotuluka magazi akuda osaundana m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, tiyenera kuikayikira matenda a mabakiteriya otchedwa anthrax mpaka achipatala cha ziweto atanena zina. Mukaisenda, mabakiteriyawo akakhudzana ndi mpweya amasanduka timbewu tolimba totha kukhala m'dothi zaka makumi angapo, ndipo malowo amadzapha ziweto za adzukulu anu. Wosenda amatha kutuluka chilonda chakuda pakati, wodya amadwala m'mimba koopsa. Matendawa anapha mvuu zambiri m'mtsinje wa Shire ku Liwonde mu 2018, ndipo ku Zambia anagwira anthu ambiri mu 2023. Tchingani mtembowo ndi minga kuti agalu asafikepo, ziweto zina zichoke pamalopo, mutumize uthenga kwa alangizi a ziweto lero lomwe. Iwo ndi amene adzatsogolere kuwotcha kapena kukwirira m'dzenje lakuya mamita awiri kutali ndi madzi, ndi kuona za katemera wa zotsalazo. Aliyense amene wagwira kale magaziwo asambe ndi sopo, apite kuchipatala, akanene kuti anagwira ng'ombe yofa yokha.