Tochi ya pamutu ya 50,000 lumens ija, ndigule?

Achimwene ena andilembera imelo sabata yatha, akuti akukonzekera kukakwera Mulanje mpaka pa Sapitwa ndiye aona tochi ya pamutu mu shopu, pa bokosi alemba kuti 50,000 lumens (muyeso wa kuchuluka kwa kuwala), mtengo wake wotsika bwino. Akufunsa ngati agule.

Achimwene musagule, nambala imeneyo ndi bodza lenileni. Matochi a pamutu a makampani odziwika ngati Petzl kapena Fenix ambiri amayambira pa 300 kukafika cha m'ma 1,000 lumens, ndipo ngakhale amenewo sakhalitsa pa kuwala kwa pamwambako chifukwa LED (kababu kake) imatentha, pakangopita maminitsi ochepa tochi imadzitsitsa yokha. Ndiye kanthu ka pulasitiki kaja 50,000 kaitenga kuti?

Ine chomwe ndimayamba kuona pa tochi si kuwala kwambiri ayi, ndimaona ngati imatha kuwala pang'ono. Poyenda mu njira 100 kapena 150 lumens yakwana. Koma taganizani muli mu hut pa phiripo, 4 koloko mbandakucha mukufufuza nsapato anzanu ali mtulo, apa mukufuna ka 5 lumens basi kapena kuwala kofiira komwe matochi ena ali nako, osati kuwathira anthu dzuwa kumaso. Komanso kuwala kochepako ndi komwe kumasunga batire usiku wonse, ngakhale kunyumba magetsi akathima. Mtundu wa kuwala nawo muuganizire, chiperoni chikatsika kuwala koyera mbuu kwa 6500K (K ndi muyeso wa mtundu wa kuwala) kumangobwerera m'maso mwanu, ine ndimakonda kwa 4000K kofiirira pang'ono, miyala ndi mizu zimaoneka bwinobwino.

Tsopano batire, apa mpomwe anthu amaberedwa kwambiri. Ndimakonda tochi ya batire ya 18650, dzinalo ndi saizi ya batireyo, 18mm kunenepa 65mm kutalika, ndipo yeniyeni imathera cha pa 3500mAh (muyeso wa moto womwe batire imasunga). Mukaona yalembedwa 9900mAh ibwezeni pomwepo, mukainyamula mumva kuti ikupepuka ngati mulibe kanthu, pomwe yeniyeni imalemera magalamu 45 ndi kanthu. Ikhale yochotseka kuti munyamule ina yapadera mthumba, ndipo ngati imatchajidwa ndi USB-C ndiye bwino kwambiri, power bank ya foni yomweyo igwira ntchito. Ngati mwasankha ya ma AAA, chonde muzichotsa mabatire mukamaisunga. Ine tochi yanga yoyamba ndinaitaya choncho, ndinaisiya mu dilowa miyezi ingapo, potsegula mkati monse muli ufa woyera, masipulingi adyeka, mpaka lero zimandiwawa.

Za madzi onani IPX, nambala yosonyeza mmene tochi imapiririra madzi. IPX4 imapirira mvula yowaza, IPX7 ingathe kumira mita imodzi kwa mphindi 30. Matochi aja a zoom okoka mutu asiyeni, ambiri madzi ndi fumbi zimalowera pomwe pamakokedwapo.

Lamba muyese kuvala mu shopu momwemo, mugwedeze mutu muone ngati sikutsetsereka pa chipumi. Mukapeza ziwiri zitatu zomwe zakugwirani mtima nditumizireni mayina ake tione limodzi musanatulutse ndalama.