Kwa adzukulu anga a m'tauni ndi a kuno kuchigwa, pa nkhani ya tsiku lovota

Adzukulu anga, mwandifunsa mafunso awiri amene ine ndikuona kuti ndi nkhani imodzi. Mmodzi wa inu, amene amagwira ntchito mumzinda wa Blantyre koma adalembetsa m'kaundula wa ovota kwathu kuno ku Ngabu, akuti pa 16 Sepitembala 2025 sadatsike mapiri a ku Thabwa kudzavota, chifukwa ndalama ya minibasi idamukulira, ndiponso chifukwa akuganiza kuti voti ya munthu wa m'tauni imamira m'mavoti a anthu akumudzi amene amangotsata chigawo ndi zitenje. Winayo akudandaula kuti atsibweni ake adamunena kuti tauni yamuwononga, pakuti adakana mawu awo akuti munthu wakummwera ayenera kuvotera wakummwera mnzake. Ndikuyankhani nonse pamodzi. Woyambayo adalakwa kukhala pakhomo, ndipo atsibweni a wachiwiriyo aiwala mbiri ya chigwa cha Shire chimene adabadwiramo.

Ndi zoona kuti anthu akumudzi ndife ochuluka. Kalembera wa anthu wa 2018 adapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo mwa anthu 100 alionse, 84 ankakhala kumidzi. Boma la Chikwawa lokha linali ndi anthu oposa 560,000, pomwe la Nsanje linali ndi pafupifupi 300,000. Koma pa chisankho cha mtsogoleri wa dziko mavoti sawerengedwa kuti chigawo chakuti chapambana chinzake. Voti yoponyedwa ku Ndirande ndi yoponyedwa ku Makhanga zimathiridwa pamodzi ndipo zimalemera chimodzimodzi. Pa chisankho cha 21 Meyi 2019, chimene khoti lidachithetsa pa 3 Febuluwale 2020, kusiyana kwa a Peter Mutharika ndi a Lazarus Chakwera kudali mavoti pafupifupi 159,000, pamene anthu olembetsa amene sadapite kukavota adaposa 1.7 miliyoni. Anthu okhala pakhomowo akadatha kusintha zotsatira kangapo konse. Kuchokera pa chigamulo chomwecho, wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse, ndipo palibe chigawo chimodzi chimene chingamufikitse pamenepo pachokha.

Mumadabwa kuti n'chifukwa chiyani nkhalamba ngati ife timalawirira ku mzere tambala asanalire kachitatu. Ife tidakhala m'nthawi imene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi popanda khadi la chipani, ndipo achinyamata a chipani ankaima pachipata kufunsa khadilo. Maepiskopi a mpingo wa Katolika atatulutsa kalata yawo m'mwezi wa Malichi 1992, anthu adayamba kulankhula zimene kale ankangonong'onezana, kufikira pa 14 Juni 1993 pamene tidafunsidwa kusankha pakati pa tambala wakuda, chizindikiro cha chipani chimodzi, ndi nyali, chizindikiro cha zipani zambiri. Munthu amene adagwirapo kapepala ka nyali kapena ka tambala tsiku limenelo, ali yekha popanda womuyang'ana, savutika kumvetsa chifukwa chake pa chisankho cha 1994 adavota anthu pafupifupi 80 pa 100 alionse olembetsa, ndipo mu 1999 adaposa 90. Inu mudabadwa ufuluwo ulipo kale, ndiye mumauona ngati chinthu chimene sichingachoke. Chiwerengerocho chidatsika kufika pa 65 mu Juni 2020, n'kukweranso kufika pa 76 mu 2025, zimene zikusonyeza kuti mphwayi imabwera ndi kupita malingana ndi mmene anthu akumvera ululu.

Tsopano nkhani ya zigawo. Sindikubisirani kuti kuvota motsata kumene munthu amachokera kulipo m'Malawi muno. Pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi a UDF adatenga kummwera, a Kamuzu Banda a MCP adatenga pakati, a Chakufwa Chihana a AFORD adatenga kumpoto, ndipo chithunzi chimenecho chidakhazikika m'mitu ya anthu mpaka lero. Koma chigwa cha Shire sichidalowe bwino m'chithunzicho ngakhale tsiku limenelo. Pamene maboma a kumtunda ankapereka mipando kwa UDF, kuno MCP idapeza aphungu, chifukwa cha a Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje amene ambiri tinkangowatchula kuti Mbuya. Mu 1999 a Chakuamba adaima pa mpando wa pulezidenti mogwirizana ndi a Chihana ndipo adapeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse, ambiri mwa iwo ochokera pakati ndi kumpoto. Mu 2004 adaimanso pansi pa Mgwirizano, ndipo anthu akumpoto adawapatsanso mavoti ochuluka. Ndiye ngati Atumbuka ndi Atonga adakhoza kuvotera munthu wa ku Nsanje kawiri konse, atsibweni ako, mdzukulu wanga, akutenga kuti lamulo loti ife sitingavotere munthu wa kwina?

Wina anganene kuti pamenepo tinkatsatabe munthu wathu, ndipo pali choona pa mawu amenewo. Komabe taonani zimene zidatsatira. Mu 2009 a Bingu wa Mutharika adapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, kuchokera m'zigawo zonse, anthu ataona chimanga m'nkhokwe m'zaka zoyamba za makuponi a feteleza. Mu 2019 a Sidik Mia a ku Chikwawa adaima ngati wachiwiri wa a Chakwera, ndipo mabanja ambiri kuno adagawanika, ena kwa a Mia, ena ku DPP, osaleka kudyera mbale imodzi. Khoti litathetsa zotsatira za aphungu m'madera ena a Nsanje ndi Chikwawa, zisankho zachibwereza za mu Malichi 2021 zidasintha aphungu ku Nsanje. Chigwa chino chili ndi Amang'anja, Asena ndi anthu ambirimbiri amene adabwera kudzagwira ntchito ya nzimbe ku Nchalo n'kukhazikika, ndipo andale amatsika kudzatipempha mavoti chifukwa sadziwa kumene tigwere. Tsiku limene adzatsimikize kuti mavoti athu ndi awo kale chifukwa cha chigawo, kapena kuti sitidzuka kukavota, adzaleka kutsika.

Mawu amene andipweteka kwambiri ndi akuti anthu akumudzi amavotera zitenje. Mdzukulu wanga, amayi ako amene adakulipirira sukulu ndi ndalama ya thonje ndi mbuzi ndi mmodzi wa anthu amenewo, ndipo suyenera kuwalankhula ngati anthu osaganiza. Munthu wakumudzi amavota ndi zimene maso ake aona: ngati mjigo ukutulutsa madzi, ngati chimanga chidafika pamsasa madzi atasefukira mu Januwale 2015 kapena namondwe Freddy atadutsa mu Malichi 2023, ngati msewu wa kutsidya la kummawa kwa Shire ukupitika nthawi ya dzinja, ngati mtengo wa thonje ukubweza thukuta. Amakumbukira kuti doko la Nsanje lidatsegulidwa ndi chimwemwe chachikulu mu Okutobala 2010 koma sitima zonyamula katundu sizikufikapo, ndipo amakumbukira mavuto a kuoloka pa Chiromo ndi pa Mtayamoyo. Amayang'ananso ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, n'kumafunsa kuti madziwo adzafika liti m'munda mwake. Munthu wa m'tauni amavota ndi mtengo wa thumba la ufa, lendi ya nyumba, mizere ya mafuta a galimoto, kuzima kwa magetsi ndi kusowa kwa ntchito. Onsewa ndi maganizo a anthu anzeru, ndipo nthawi zambiri gwero la mavutowo ndi limodzi. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, inu m'tauni mudakhala mumdima kwa miyezi yambiri, ndipo madzi omwewo ndi amene adakokolola minda ndi nyumba zathu kuno kumunsi.

Za zogawagawa ndikuvomereza kuti zilipo, ndipo n'zochititsa manyazi kwa wopereka kuposa kwa wolandira amene wagona ndi njala. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kugula mavoti. Koma kumbukirani kuti ndalama zimenezo zimagawidwanso m'misika ndi m'madepoti a m'tauni, kwa anyamata odzipaka utoto wa chipani. Ndaona kuno amayi atavala chitenje cha chipani china popita kudimba, koma zotsatira zitamatidwa pakhoma la sukulu, mwini chitenjeyo atagwa. Wopereka chitenje salowa nawe m'kachipinda kovotera.

Inunso otsala kumudzi, lekani kunena abale anu a m'tauni kuti ndi onyada kapena ogulitsa mtundu. Mavoti a 2019 atasokonezedwa ndi utoto wofufutira pa mapepala a zotsatira, anthu a m'mizinda ndi amene adayenda m'misewu kwa miyezi yambiri, ndipo chigamulo chimene chidatuluka kukhoti chidateteza voti ya munthu wa ku Marka chimodzimodzi ndi ya munthu wa ku Lilongwe.

Pa za khalidwe, mwambo wathu sutilola kuyankha atsibweni mwamwano, ndipo ndale zisakuphunzitse zimenezo. Akayamba nkhaniyi, khala pansi, uwamvere mpaka amalize, kenaka uwafunse mwaulemu chimene munthu wawoyo wachitira mudzi wathu ndi chimene walonjeza, pakuti funso lofatsa limatsegula nkhani pamene kukangana kumaitseka. Ngati sakusuntha, asiye. Sukakamizidwa kuwauza amene udzamuchonge. Chimodzimodzi ndi amfumu: timawalemekeza pa nkhani za malo, maliro ndi milandu ya m'mudzi, koma alibe mphamvu youza anthu awo wovotera, ndipo mfumu yoopseza kuti ichotsa munthu pa mndandanda wa chithandizo chifukwa cha voti ikulakwira lamulo ndiponso mpando wake. Mwamuna asalamule mkazi wake, ndipo mwana wophunzira asanamize agogo ake osadziwa kuwerenga powaonetsa nkhope ina pa pepala. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata, ndipo mawu achipongwe amene mumalemba pa Facebook ndi pa WhatsApp onyoza Alhomwe, Achewa, Atumbuka kapena ife Asena ndi Amang'anja amakhalabe pamenepo chisankho chitapita, pamene mudzafuna ntchito, malo ogona kapena mbeta kwa anthu omwewo.

Nkhani ya ndalama ya ulendo ndaimva, ndipo si yaing'ono, koma ili ndi njira yake imene udaiphonya miyezi ingapo chisankho chisanafike. Munthu amavotera pamalo pamene adalembetsa. Ngati moyo wako uli ku Blantyre, tenga chiphaso chako cha unzika ukalembetse komweko nthawi ya kalembera, kapena upemphe kusamutsa dzina lako pa nthawi imene bungwe loyendetsa zisankho la MEC limapereka mwayi wotero. Palibe mwambo umene ukunena kuti voti iyenera kuponyedwa pafupi ndi manda a makolo. Koma ngati mtima wako uli pa phungu ndi khansala wa kuno, chifukwa kuno ndi kumene kuli amayi ako ndi munda wako, yamba kusunga ndalama ya ulendoyo msanga monga umachitira pokonzekera Khirisimasi. Chimene sindingavomereze ndi kulembetsa kuno, kukhala uko, kenaka n'kumadzudzula amene adaima pamzere.

Ukadabwera ukadaona zimene zimachitika pasukulu ya pulayimale ya kwathu tsiku limenelo. Mwezi wa Sepitembala kuno dzuwa limayamba kuwotcha m'mawa ndithu, choncho amayi amafika kusanache, ana kumsana, zigubu za madzi m'manja, kuti akatsegula 6 koloko avote n'kubwerera kukaphika. Asodzi amabwera molunjika kuchokera kumadambo, akabaza amatsitsa nkhalamba pachipata, ndipo mzere umapatuka wokha kupereka mpata kwa amayi oyembekezera, okalamba ndi olumala. Kalaliki amafufuza dzina m'kaundula, amadontheza inki pa chala, munthu amalandira mapepala atatu, la pulezidenti, la phungu ndi la khansala, amachonga payekha, amapinda, n'kuponya lililonse m'bokosi lake. Madzulo mabokosi amatsegulidwa pomwepo, oimira zipani akuona pepala lililonse, ndipo amasayina zotsatira zisanachoke pamalopo. Ntchito ya oimira zipani ndi oyang'anira chisankho imafuna anthu odziwa kuwerenga ndi kuwonkhetsa mofulumira, osatopa msanga usiku, ndipo imeneyo ndi ntchito yoyenera inu amene tidakutumizani kusukulu.

Musadikirenso 2030 kuti mukumbukire za voti. Pepala lachitatu lija, la khansala, ndi limene ambiri amalipeputsa, moti pa chisankho cha makhansala cha mu 2000 adavota anthu 14 okha pa 100 alionse olembetsa, ndipo makhansalawo atamaliza nthawi yawo mu 2005 dziko lidakhala opanda makhansala mpaka chisankho chapatatu cha 2014. Chonsecho khonsolo ya boma ndi imene imakambirana za misika, milatho ing'onoing'ono, zipinda zophunzirira ndi malo osamukirako anthu madzi akasefukira. Phungu kapena khansala akamwalira kapena khoti likathetsa zotsatira, chisankho chachibwereza chimachitika anthu ochepa okha atabwera, ndipo mpando umapita ndi mavoti amene mudzi umodzi waukulu ukadatha kuwatembenuza. Mukamva kuti m'dera lanu muli chisankho chotere, funsani tsiku lake, onani ngati dzina lanu lili m'kaundula, ndipo muuzenso anzanu a m'tauni amene adalembetsa kuno kuti akonzekere ulendo.