Nsomba za m'madzi amodzi zingagawikane bwanji n'kukhala mitundu iwiri?

Owerenga ena anditumizira imelo kufunsa kuti: kusukulu tinaphunzira zoti mtundu watsopano wa nyama umayamba phiri kapena mtsinje ukalekanitsa gulu limodzi kwa nthawi yaitali. Nanga nsomba za mbuna za m'Nyanja ya Malawi zinachuluka bwanji mitundu chonsecho zili m'madzi amodzi?

Mwafunsa bwino, komatu nyanja yathuyi si umboni wamphamvu monga ambiri amaganizira. Mbuna zimakangamira m'miyala ndipo zambiri siziwoloka mchenga wautali kapena madzi akuya. Choncho za ku Nkhata Bay ndi za pa Thumbi ku Cape Maclear zimakhala zolekana ndithu ngakhale madzi ndi omwewo.

Umboni wogwira mtima uli m'tinyanja ta m'mabowo a mapiri omwe anaphulika kalekale, momwe nsomba zilibe kobisalirana. Ku Cameroon, nyanja ya Barombi Mbo ili ndi mitundu 11 ya nsomba za banja la chambo yomwe sipezeka kwina kulikonse. Ine ndimakonda chitsanzo cha Massoko, kanyanja ka ku Tanzania kumpoto kwa Nyanja ya Malawi, kotalika mamita pafupifupi 700 okha. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2015 anaonetsa kuti nsomba ya Astatotilapia calliptera m'menemo ikugawika pawiri. Amuna a m'mphepete nthawi zambiri ndi achikasu, pomwe a pansi kwakuya ndi abuluu. Magulu awiriwa amasiyananso kadyedwe, maonekedwe a thupi, ngakhale majini ena (tizinthu ta m'thupi totengera kwa makolo) okhudza kaonedwe ka maso.

Chinsinsi chagona pa nkhani ya kukwerana. Kuwala kwa pansi pa madzi n'kosiyana ndi kwa pamwamba, ndiye yaikazi imaona bwino mtundu (chikasu kapena buluu) umene ukuwala kumene iyo imakhala, n'kusankha mwamuna wotero. Zikapitirira chonchi mibadwomibadwo, magazi a magulu awiriwa amasiya kusakanikirana ngakhale nsombazo zikudutsana tsiku ndi tsiku.

Zimachitikanso pamtunda. Ku America, ntchentche ya Rhagoletis pomonella inkaikira mazira m'zipatso za mtengo wa hawthorn basi, koma cha m'ma 1860 zina zinapezeka zitayamba maapozi ku New York. Ntchentchezi zimakwerana pachipatso pomwepo, ndipo maapozi amapsa masabata angapo hawthorn asanapse, motero magulu awiriwa amaphonyana malo ndi nyengo yomwe.

Musawaimbe mlandu aphunzitsi anu. Katswiri wotchuka Ernst Mayr anatsutsa kwa zaka zambiri maganizo oti mtundu ungagawikane popanda kulekana malo, ponena kuti kukwerana kochepa chabe kumakwanira kufufuta kusiyana konse, ndipo mpaka lero akatswiri ambiri amaona kuti kulekana kwa malo ndiye njira yofala. Ngakhale ku Massoko ntchitoyi sinathe: achikasu ndi abuluu aja amaberekeranabe apo ndi apo, n'chifukwa chake ofufuza sanayambe kuwawerenga ngati mitundu iwiri.