Kwa achemwali amene afunsa za mng'ono wawo wozunzidwa ku America

Achemwali, zimene mwalembazi zandipweteka mtima. Mwati mng'ono wanu anakwatiwa ndi nzika ya America, mwamunayo amamumenya, anamulanda pasipoti, ndipo amamuopseza kuti akangoulula amuitanira a imigireshoni amubweze kwawo. Mukufunsa ngati apemphe asylum, chitetezo cha othawa kwawo, monga ena akumulangizira.

Musanamuuze china chilichonse, muuzeni kuti nkhani ya mapepala ake okhalira m'dzikomo siili m'manja mwa mwamunayo ayi. Ku America kuli lamulo lolimbana ndi nkhanza kwa amayi lotchedwa VAWA, la m'chaka cha 1994. Munthu amene akuzunzidwa ndi mwamuna kapena mkazi wake yemwe ndi nzika, kapena ali ndi green card (chiphaso chokhalira m'dzikomo mokhazikika), amaloledwa kudzipemphera yekha chilolezo chokhala m'dzikomo. Amalemba fomu ya I-360 n'kutumiza ku USCIS, ofesi ya boma yoona za imigireshoni, ndipo fomuyi salipira. Mwamunayo sasaina paliponse, sauzidwanso. Lamulo limaletsa a boma kumuululira za pempholi, komanso kugamula nkhani pongomvera za wozunzayo.

Chimene amafuna n'chakuti aonetse kuti banjalo linali lenileni osati lofunira mapepala, kuti ankakhala nyumba imodzi, kuti iye ndi munthu wa mbiri yabwino, ndiponso kuti nkhanza zinalipodi. Apa ndi pamene amayi ambiri amagwa ulesi, amati poti sindinapiteko kupolisi ndiye basi palibe changa. Si choncho. Lipoti la apolisi limathandiza, koma si lokakamiza, ndipo nkhanza si zibakera zokha. Kumutsekera m'nyumba, kumulanda foni ndi ndalama, kumuopseza tsiku ndi tsiku, zonsezo amaziwerengera. Ayambe lero kusonkhanitsa umboni mwakachetechete: chithunzi cha diso lotupa, mameseji achipongwe aja, kalata ya kuchipatala, pepala la lendi pomwe pali maina awo onse awiri, ngakhale mawu a neba amene amamva kulira usiku. Azikutumizirani inu n'kufufuta mufoni mwake, chifukwa amuna otere amafufuza foni mkazi ali m'bafa. Pa fomupo alembe adiresi ya munthu amene amamudalira, kuti kalata ya boma isadzagwe m'manja olakwika.

Banja likatha chifukwa cha nkhanzazo amakhalabe ndi zaka 2 zoti apemphe. Ngati ali kale ndi green card ya zaka ziwiri imene amapatsa ongokwatirana kumene, angathe kulemba yekha fomu ya I-751 yopempha kuti ikhale yokhazikika, mwamunayo osatengapo mbali.

Za asylum, ine ndikuti asathamangire. Asylum ndi ya munthu amene akuopa kubwerera kudziko lakwawo chifukwa cha mtundu wake, chipembedzo, dziko lochokera, maganizo a ndale, kapena gulu la anthu lomwe alimo, ndipo nthawi zambiri amayenera kupempha chisanathe chaka chimodzi chifikireni. Vuto la mng'ono wanu lili m'nyumba momwe akugonamo. Chimandiopsa kwambiri ndi anthu aja amati bweretsani ndalama tikulembereni nkhani. Woweruza akapeza kuti nkhaniyo ndi yopeka dala, munthu amatsekeredwa njira za mapepala mpaka kalekale, ndiye taganizani kutaya mlandu woona chifukwa cha wabodza.

Ena amene mukuwerenga izi mwina wokuzunzaniyo alibe mapepala, kapena simunakwatirane mwalamulo. Inu funsani za U visa, ya anthu amene anachitidwa zaupandu monga nkhanza za m'banja, yomwe inayamba ndi lamulo la m'chaka cha 2000. Imeneyi imafuna kuti apolisi kapena oimira boma pamilandu asaine kuti munawathandiza pofufuza mlandu. Amapereka ma visa 10,000 okha pachaka, moti anthu amadikira zaka zambiri. Palinso T visa ya amene anatengedwa mwachinyengo n'kumagwiritsidwa ntchito mokakamiza.

Apeze loya weniweni wa za imigireshoni, kapena bungwe lovomerezeka ndi boma lomwe limathandiza mwaulere, osati munthu wongodziwa kudzaza mafomu. Malamulowa amasinthasintha, ndipo loyayo ayenera kumva zonse, ngakhale za mmene analowera m'dzikomo, asabise kanthu. Nambala ya National Domestic Violence Hotline ndi 1-800-799-7233, amayankha usana ndi usiku, ndipo angamulozere malo obisalako. Aimbe pa foni ya mnzake. Za pasipoti asadandaule, ofesi ya kazembe wa dziko lake ingamuthandize kupeza ina. Koma usiku wina zikafika povuta, asayambe waganiza za mapepala, aimbe 911 n'kutuluka.