Mwana wayamba kubwera ndi zolembera za eni: kodi timusamutse sukulu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Lilongwe. Anapempha kuti ndisawatchule dzina. Kalatayo inali yaitali, koma mtima wake ndi uwu:

"Mwana wanga wamwamuna ali sitandade 4 pa sukulu ya boma ya kufupi ndi kwathu. Ndapeza m'chikwama mwake zolembera zitatu ndi rula zomwe ine sindinamugulire. Nditamufunsa anati, 'Aliyense amatola, nanenso changa anandibera.' Wayambanso kutukwana. Bambo ake akuti teremu ya mawa timupititse ku pulayiveti ngakhale m'thumba muli movuta. Ife pakhomo timamulera bwino, timapemphera, koma sukuluyi ikutiwonongera mwana. Kumisonkhano ya makolo sindipitako chifukwa amangokamba za ndalama ndi njerwa. Nditani?"

Mayi, zikomo pondikhulupirira. Ndinagwirapo choko ku pulayimale zaka zingapo, ndiye zina zomwe ndinene zikhoza kukulasani pang'ono. Mundikhululukire.

Ndiyambe ndi funso lomwe simunaliyembekezere. Tsiku lomwe mwanayu anabwera kunyumba n'kunena kuti amubera cholembera, munamuyankha chiyani? Sindinalipo, koma ndikudziwa zomwe ambiri a ife timanena, chifukwa nanenso ndinazinenapo: "Ndiwe wogona iwe. Ndalama ndizitola kuti? Mawa usabwere muno wopanda cholembera, ukachipeze komwe ukudziwa." Ife timaona ngati tamuphunzitsa kusamala zinthu. Koma mwana wa zaka 9 kapena 10 alibe ndalama, alibe ganyu, wakuba samudziwa. Komwe angachipeze n'kumodzi kokha, m'chikwama cha mnzake pa nthawi ya buleki. Tamutuma ndi pakamwa pathu, ndipo akabwera nacho cholembera cha mtundu wina sitifunsa, timangoti bola walemba. Zikafika zitatu ndi rula m'pamene timadzidzimuka n'kuyamba kufunafuna mfiti kusukulu.

Sindikunena kuti sukulu ilibe mlandu. Ili nawo, ndipo mlanduwo uli ndi mbiri yake. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anakhamukira m'sukulu. Chiwerengero chinachoka pa ana pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi chokha. Zipinda zinali zomwezo, mabuku omwewo. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi omwe anangophunzitsidwa masabata owerengeka n'kuwaponya m'makalasi, ena pansi pa mitengo. Inali mfundo yabwino, ndipo ambiri omwe akuwerenga pano sakadaponda m'kalasi popanda iyo. Koma mpata womwe unatseguka nthawi imeneyo sunatsekekebe mpaka lero. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'sukulu zambiri za m'tauni ngati Lilongwe ndi Blantyre kupeza ana opitirira 100 m'chipinda chimodzi si nkhani yodabwitsa, makamaka m'makalasi a m'munsi.

Tayerekezani muli kutsogolo kwa ana 100 okhala pansi, miyendo ili yopingasana. Wina akulira kumbuyo kuti amubera bolopeni. Mupanga chiyani? Mukayamba kusecha zikwama, piriyodi yatha. Ambiri tinkangoti, "Amene watenga abweze," n'kutembenukira ku bolodi. M'kalasi yotere mphunzitsi amaphunzitsa masamu ndi Chichewa, koma malamulo a momwe anthu akhalire amapanga ndi ana okhaokha. Monita amene amalemba maina a olongolola amafufuta dzina la yemwe wamugawira chitumbuwa. Wamphamvu amakhala pa desiki, wofooka pansi. Ndipo mwana aliyense amabweretsa m'bwalo limeneli zomwe watola kwawo. Zomwe inu mukuzitcha khalidwe la sukulu ndi makhalidwe a makomo 100 atathiridwa mumphika umodzi. Lanu lilimo.

Chinanso chomwe 1994 inasintha, osati mwadala, ndi maganizo a makolo. Sukulu zambiri zakale zinamangidwa ndi mishoni pamodzi ndi anthu a m'midzi, ndipo anthu ankati "sukulu yathu". Mawu akuti "yaulere" atamveka, ambiri tinayamba kunena kuti "sukulu ya boma", kutanthauza kuti mwini wake ali ku Capital Hill, ife zathu n'kutumiza mwana basi. M'kalata mwanu mzere womwe wandidetsa nkhawa kwambiri si wa zolembera uja. Ndi womaliza, woti kumisonkhano simupitako.

Ndikumvetsa chifukwa chake. Misonkhano ya PTA imatopetsa. Amati 8 koloko, imayamba 10, dzuwa lili pamutu, ndipo bambo mmodzi yemweyo amayankhula kanayi. Koma pa sukulu ya boma pali magulu omwe ali m'manja mwa makolo, ndipo akagona, sukulu imagona. Pali komiti yoyendetsa sukulu, yomwe imayang'anira chitukuko ndi ndalama pamodzi ndi ahedi. Pali PTA, pomwe makolo ndi aphunzitsi amakumana. Pali gulu la amayi lija timangoliti mother group, lomwe limalondola ana ojomba, kulangiza atsikana, ndi kubweza kusukulu omwe anasiya chifukwa cha mimba, popeza ndondomeko yowalola kubwerera akabereka ilipo kuyambira 1993. Mukudandaula kuti amangokamba za ndalama. Chabwino, pitani mukafunse za ndalamazo. Sukulu za boma zimalandira thandizo lotchedwa School Improvement Grant, ndipo kagwiritsidwe ntchito kake kamayenera kugwirizana ndi pulani yomwe komiti ndi makolo anamvana. Muli ndi ufulu woimirira n'kufunsa mwaulemu kuti zinabwera zingati, zinagula chiyani. Ngati simukukhutira, kumtunda kwa ahedi kuli a PEA omwe amayang'anira sukulu za m'zoni yanu. Ndipo palibe amene angakuletseni kuimika dzanja n'kunena kuti, "Ana akuberana m'makalasi, titani?" Mudzadabwa kuona manja angati adzaimikidwa pambuyo panu. Kholo lililonse limaganiza kuti vutoli ndi la pakhomo pake pokha, ndiye aliyense amangofera m'kati ngati mbewa ya manyazi.

Koma chifukwa chachikulu chomwe ndikufunira kuti muzipitako si komiti. Ndi maso a mwana wanu.

Pa sukulu ina yomwe ndinaphunzitsa panali phala. Amene mumadziwa za Mary's Meals, bungwe lomwe linayamba kudyetsa ana kuno ku Malawi mu 2002, mukudziwa kuti ufa umabwera ndi bungwe koma ophika ndi makolo, ongodzipereka, mosinthana. Amayi amafika kusanache, nkhuni pamutu, kuti pomwe belu lizilira phala likhale litapsa. Ana amadziwa bwino lomwe kuti lero akuphika ndi amake a uje. Mwana amene mayi ake ali pa mphika tsiku limenelo amayenda mosiyana, amaima bwino pa mzere, safuna zochititsa manyazi. Koma anawo amaonanso zina. Panali mayi wina amene pochoka ankamangirira ufa pang'ono m'chitenje. Ankaganiza kuti palibe akuona. Ana a sitandade 5 ankadziwa onse, ndipo mwana wake, tsiku lomwe ndinamugwira ndi kope la mnzake, anandiyang'ana mopanda mantha ngati ndikumufunsa za chinthu chachilendo. Ndikanamuuza chiyani chomwe chikanaposa zomwe ankaona pa chitenje cha mayi ake? Mayiyo sindimuweruza kwambiri, kunali njala chaka chimenecho. Komabe mwana sasiyanitsa kuba kwa njala ndi kuba kwina. Iye amangoona kuti chinthu cha gulu chilibe mwini.

Wina anali bambo wovala bwino, wa galimoto. Mwana wake analephera mayeso a kumapeto kwa chaka ndipo ankayenera kubwereza. Bamboyo anabwera ku ofesi, mwana atamusiya panja pa ofesiyo, n'kuyamba zoti "aphunzitsi, tingathandizane bwanji, ya fanta ilipo". Chitseko chinali chosatseka. Mwana uja anamva zonse. Bambo ameneyu ndikukhulupirira kuti Lamlungu ankapita naye mwanayo kutchalitchi, ndipo madzulo ankamuuza kuti kuona mtima n'kofunika. Kenaka timadabwa ana akafika sitandade 8 n'kumalowa ndi likasa m'mayeso a MANEB, makolo ena mpaka kusonkha ndalama zogulira mapepala abodza omwe akuti ndi mayeso otuluka. Make mbuu, mwana mbuu.

Pemphero la pakhomo ndi labwino, Mayi, musalisiye. Koma mwana amaphunzira kwambiri pa zomwe timachita tikaiwala kuti akutiona. Kondakitala wa minibasi akaiwala kutilipiritsa, timatani? Wa pa golosale akatibwezera chenje chopitirira? Mnansi akabwera kudzaitanitsa ngongole, ndani amatumidwa kukanena kuti "amayi kulibe"? Ndipo timawatchula bwanji aphunzitsi tikamadya nsima? Ndamvapo makolo akunena pamaso pa ana kuti "tiaphunzitsi tosaukati, tongodalira katapila". Mwana amene wamva zimenezo usiku, m'mawa angamvere bwanji munthu yemweyo akamamuuza kuti abweze rula ya mnzake?

Akuluakulu ena akamva nkhani ngati yanuyi amayamba kulakalaka nthawi ya Kamuzu, ya ngodya zinayi zija: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Amati kale mwana sankayerekeza. Ine sindili nawo kwenikweni. Zambiri za nthawi ija zinali mantha, ndipo chikwapu chimaphunzitsa mwana kubisa bwino, osati kuleka. Chomwe ndimachisowa cha kale ndi china: munthu wamkulu aliyense ankatha kudzudzula mwana aliyense panjira, kholo n'kuthokoza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Lero ukangoti "iwe, siya zimenezo" kwa mwana wa eni, madzulo mayi ake akupeza atamanga chitenje m'chiuno. Aphunzitsi nawonso anaphunzira kungoyang'ana kumbali, poopa kutukwanidwa pa geti.

Komwe akuluakulu agwirizana, zinthu zimasintha ngakhale zovuta kuposa zolembera. Ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubwezera anawo kusukulu, mpaka kuimitsa mafumu omwe ankalekerera. Koma mfumu imodzi sikanadziwa zochitika m'nyumba iliyonse. Inkadalira amayi ndi abambo a m'midzi momwemo omwe ankayang'anira ndi kukanena mwana akasowa m'kalasi. Lamulo loti ukwati uyambire zaka 18 linabwera mu 2015, malamulo aakulu a dziko n'kusinthidwa mu 2017, koma omwe ankagogoda pa zitseko anali makolo.

Tsono za pulayiveti. Sindikuletsani. Pali sukulu zapulayiveti zabwino, zomwe mphunzitsi amadziwa mwana aliyense ndi dzina, ndipo pali zina zomwe ndi nyumba yogonamo yopakidwa penti, aphunzitsi ake osaphunzira ntchito, osinthasintha teremu iliyonse. Ngati mwana wanu wafika sitandade 4 koma akuvutika kuwerenga ndime ya Chichewa kapena kuchotsera manambala, chimenecho ndi chifukwa chomveka choganizira zosamutsa, mutafufuza kaye ngati sukuluyo ndi yolembetsedwa ku unduna wa zamaphunziro. Koma kumusamutsa chifukwa cha zolemberazi, panopa, kumuphunzitsa chinthu chimodzi: ndikalakwa, olakwa ndi anzanga, ndipo amayi ndi adadi amandichotsapo. Kuba kuliko ku pulayiveti, kungoti kumeneko zimasowa ndi ndalama za lanchi ndi mafoni. Komanso ganizirani fizi. Khomo lomwe lili pa ngongole teremu iliyonse limakhala la mikangano, ndipo mwana amamva zonse kuseri kwa katani.

Za kutukwana sindichulutsa. Pa msinkhu umenewu ana amatola mawu ngati nkhuku, pa siteji ya minibasi, m'mavidiyo, pa mpira, nthawi zina pa foni ya bambo awo akamakangana ndi munthu. Kawirikawiri sadziwa n'komwe tanthauzo. Muuzeni kamodzi, mofatsa koma mosaseka, kuti mawu amenewo pakhomo pano ayi, ndipo akulu a m'nyumbamo adziyang'anire pakamwa.

Zolemberazo ndiye zisagone m'nyumba mwanu sabata ina. Lolemba mupite naye limodzi, inuyo kapena bambo ake, koma bwino nonse ngati ntchito ilola. Musapite pa asembule, musakamuchititse manyazi pagulu, chifukwa dzina loti "wakuba" likamumata pa sitandade 4 adzalisenza mpaka sitandade 8. Mufike msanga, muwapeze aphunzitsi ake paokha, muwapatse moni mwaulemu mwanayo akuona. Zinthuzo atulutse yekha m'chikwama, anene yekha komwe anazitenga, ndipo ngati eni ake akuwadziwa akawapatse m'manja. Inu musamuyankhulire. Akamaliza, muwauzenso aphunzitsiwo, iye akumva, kuti nayenso anaberedwa, chifukwa dandaulo lake ndi loona ndipo palibe amene analimvera. Musiye nambala yanu ya foni, mufunse tsiku la msonkhano wotsatira, ndipo mufunsenso ngati pali ntchito ya makolo yomwe mungathe Loweruka, kaya ndi kututa mchenga kaya kusesa.

Pobwerera mudutse pa golosale mumugulire cholembera chatsopano, cha mtundu woonekera m'kati uja. Dulani kapepala kakang'ono, alembepo yekha dzina lake ndi kalasi, mukapinde n'kukalowetsa m'kati mwa bolopeniyo. Mumuuze kuti chikasowanso abwere adzanene, simumukalipira, mudzapita naye kukafunsa. Ndipo chikadzasowadi, pakuti chidzasowa, mudzapite.